Mutu 9: Madambo a ku Mchinji ndi Mchenga Wotsika Kumtunda

Dziko la madambo

Munthu aliyense amene adayendapo pa msewu wochokera ku Lilongwe kunka kumalire a dziko la Zambia, kudzera pa Namitete, pa Waliranji ndi pa Kamwendo, mpaka kukafika pa boma la Mchinji, pamene m'masiku a atsamunda pankatchedwa Fort Manning, adziwa kuti dziko la kumeneko si la maphompho ndi zitunda zazitali monga la ku Ntcheu kapena ku Neno, koma ndi chidikha chachikulu, chokwezeka mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, chimene chimangotsika pang'onopang'ono ndi kukweranso mosaonetsera. Ndipo paliponse pamene chatsikapo pamakhala dambo, lotambalala, lopanda mitengo, lobiriwira ngakhale m'mwezi wa Okutobala pamene minda yonse ya kumtunda yauma gwa, fumbi lili koboo.

Kumadzulo kwa chidikhachi kwandanda mapiri a Mchinji, amene nkhalango yake idaikidwa m'manja mwa boma kalekale, ndipo kumeneko ndiko kumachokera mtsinje wa Bua. Malire a Malawi ndi Zambia m'madera ambiri amatsata msana wa mtunda umene umagawa madzi pawiri, kotero kuti mvula yogwa kuseri kwake, cha ku Chipata, imatsikira ku Luangwa ndi kukalowa mu Zambezi, pamene yogwa mbali ya kuno imasonkhana m'madambo, nilowa mu Ludzi, mu Rusa, mu Namitete ndi m'timitsinje tina tosawerengeka, tonse n'kukathira mu Bua, amene amapyola nkhalango ya Nkhotakota asanafike ku nyanja ya Malawi. Apa pali chinthu choyenera kuchisunga mumtima powerenga mutu uno. Anthu a ku Mchinji alibe mtsinje waukulu wochokera kutali wodzawathirira, monga Shire amachitira kwa a ku Chikwawa ndi Nsanje. Madzi onse amene iwo amamwa, kuthirira ndiwo ndi kumwetsa ziweto m'chilimwe ndi mvula yomwe ija idagwa pa minda yawo pakati pa Novembala ndi Epulo, ndipo mvulayo ikapanda kusungika m'nthaka yawo, palibenso kwina kumene madzi angachokere.

Dambo lili ndi zigawo zake

Kwa wongodutsa, dambo ndi thengo la udzu ndi matope basi. Koma mayi amene amalimamo ndiwo, ndi mnyamata amene amadyetsamo ng'ombe za atate ake, adziwa kuti lili ndi zigawo zitatu, chilichonse ndi khalidwe lake. Choyamba ndi m'mphepete, pamene minda ya chimanga ndi mitengo ya misuku zithera, pa nthaka yamchenga yotuwa imene imauma msanga mvula ikangoleka. Kunsi kwake kuli chigawo chachiwiri, cha chinyontho chosatha, pamene madzi amatumphuka okha pansi. Apa ndi pamene pali akasupe, zitsime ndi madimba, ndipo moyo wa mudzi m'chilimwe umadalira kachigawo kameneka, kamene nthawi zambiri n'kopapatiza. Chachitatu ndi pakati penipeni pa dambo, pa makande akuda amene m'dzinja amamata ndi kuterera, koma m'chilimwe amang'ambika ming'alu yoti dzanja n'kulowa. Pamenepo pamamera bango ndi mlulu, ndipo m'dambo limene silinaonongeke madzi sayenda m'ngalande ayi, koma amasefukira mofatsa m'kati mwa udzu, osathamanga, osakumba, mpaka atuluke kumunsi ali oyera.

Tsono madzi a m'chigawo chachiwiri chija amachokera kuti, pakuti mu Seputembala mvula imakhala itatha miyezi isanu yapitayo? Amachokera kumtunda. Mvula imene idalowa m'nthaka ya minda ndi ya nkhalango imatsetsereka pansi pa nthaka kwa miyezi yambiri, ndipo ikakumana ndi makande a pakati pa dambo, amene salola madzi kudutsa msanga, imakakamizika kutulukira m'mbali mwa makandewo. Dambo tingaliyerekeze ndi nkhokwe, koma nkhokwe sidzidzaza yokha. Imadzaza ndi za kumunda. Munda ukamwetsa nthaka yake, dambo limakhala ndi madzi; munda ukataya mvula pamwamba, dambo limalandira chigumula cha tsiku limodzi ndi ludzu la miyezi isanu ndi umodzi.

Zimene anthu amapeza m'dambo sizitha kuwerengeka msanga. Tomato, anyezi, kabichi, mpiru, mbatatesi, nzimbe ndi chimanga chachiwisi zimene zimadzaza misika ya pa Kamwendo, pa Kapiri ndi pa Mkanda, zina n'kukwera galimoto kunka ku Lilongwe, zambiri zimachokera m'madimba. Ng'ombe, zimene Angoni a kwa Inkosi Mlonyeni ndi Inkosi Zulu amazilemekeza monga adachitira makolo awo, ndi zimene Achewa a kwa Mkanda, kwa Dambe ndi kwa Mavwere amakoketsa ngolo zawo, zikadafa ndi njala chaka ndi chaka pakadapanda msipu wa m'dambo. Kumeneko kumachokera udzu wofolerera nyumba, bango la mphasa, dothi loumbira mbiya, matemba ndi milamba, ndiponso chinaka, chimene abale athu a kutsidya kwa malire amachitcha chikanda.

Amene adaona njala ya 2002 safunika kuuzidwa zambiri. Mchinji lidali limodzi mwa maboma oyamba kumene bungwe la Save the Children lidachenjeza, chaka cha 2001 chisanathe, kuti anthu alibe chakudya, ndipo pofika mu Febuluwale 2002 boma lidalengeza kuti dziko lili pa ngozi. M'masiku owawa amenewo banja lokhala ndi dimba lidali ndi pothawira. Kuchokera pamenepo boma ndi mabungwe adalimbikitsa ulimi wa m'chilimwe, nagawa mbewu ndi mathiredo pampu, ndipo madambo amene kale ankadziwa ng'ombe ndi achule okha adadzaza ndi makasu. Chimenecho sichidali cholakwa, pakuti munthu wanjala sauzidwa kuti angoyang'ana chinyontho. Koma chimene chapulumutsa anthu chiyenera nacho kupulumutsidwa.

Mchenga uchokera kuti

Mdani wa dambo sabwera ndi phokoso, ndipo sayambira m'dambo. Amayambira pa dontho la mvula yoyamba ya Novembala, likagwa pa munda umene mapesi ake adatenthedwa, kapena umene moto wa osaka mbewa udauyeretsa psiti. Dontholo limamenya nthaka yamaliseche niliphwanya timibulu take, fumbi losalala limatseka timabowo tolowera madzi, ndipo madzi, posowa polowera, amayamba kuyenda pamwamba atasenza dothi. Akapeza mizere yolunjika kumunsi, amathamanga m'makwalala ake mosaletseka. Akapeza njira ya kuchitsime, njira ya ng'ombe kapena ngalande ya msewu yosatchingidwa, amasonkhana pamodzi nakhala mfuleni wofiira. Ndipo njira zonsezi zimathera malo amodzi, ndiwo m'dambo.

Kale zimenezi zinkachepa chifukwa pakati pa munda ndi dambo pankakhala thengo, ndiponso munda ukatopa unkagonekedwa kukhala tsala. Koma kalembera wa 2008 adapeza anthu oposa 450,000 m'boma la Mchinji, ndipo wa 2018 adapeza oposa 600,000. Malo aakulu adalowa m'maesiteti a fodya m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Ndipo kuyambira 1990, pamene alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima fodya wa bale, zigafa zofuna milimo ndi mphanda zidamera m'mudzi uliwonse. Onjezanipo makala, nkhuni zootchera njerwa, ndi maenje a oumba njerwa amene amakonda kukumba m'mphepete mwa dambo momwe madzi ali pafupi, ndipo mudzaona chifukwa chake lero mzere womaliza wa chimanga umagundana ndi mpanda wa dimba, popanda ngakhale tsinde limodzi la udzu pakati.

Akatswiri adayesa kuyeza kutayika kumeneku. M'chaka cha 1992 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idawerengera kuti Malawi amataya matani 20 a dothi pa hekitala iliyonse pa chaka, ndipo kafukufuku wa bungwe la FAO pamodzi ndi boma adapeza kuti pofika 2014 chiwerengerocho chidafika matani 29, ndiwo matumba 580 a makilogalamu 50 pa hekitala imodzi. Chimenechi ndi chiwerengero cha dziko lonse, ndipo madera a mapiri ndiwo amachikweza. Pa chidikha chonga cha Mchinji dothi lochoka pa munda ndi locheperapo. Koma pasakhale wodzitonthoza nazo, pakuti ku mapiri mtsinje waliwiro umanyamula dothi kunka nalo kutali, pamene pa chidikha madzi amafooka akangofika potsika, ndipo katundu wawo amamutula pomwepo.

Ndipo taonani m'mene madziwo amagawira katunduyo. Mchenga, pokhala wolemera, ndiwo umayamba kugwa, m'mphepete momwemo, pa akasupe ndi pa madimba. Dothi losalala limapitirira pang'ono. Koma chonde chenicheni, ndicho fumbi lakuda la manyowa pamodzi ndi feteleza amene mlimi adagula atagulitsa mbuzi, n'chopepuka, ndipo chigumula chikakula chimayandama mpaka ku Bua. Motero dothi limodzi limatayika kawiri: munda wa kumtunda umatsala wowonda, womera kaufiti, ndipo dimba la kumunsi limafundidwa mchenga wosabala kanthu.

Chimene chimaoneka mvula ikagwa usiku

Pitani kudambo m'mamawa wa mwezi wa Febuluwale, mvula yamkuntho itagwa usiku wonse, ndipo mudzaona ndi maso anu. Pamene njira ya kumudzi imalowera m'dambo pamakhala patayala mchenga woyera, wosalala, wotambasuka ngati lichero, m'mphepete mwake muli zinyalala za mapesi ndi zitsononkho. Mpanda wa dimba wagwa chammbali. Nazale ya tomato imene mayi adafesa kuti aokere mvula ikamatha yakwiririka, kungotsala timasamba tiwiri titatu tosuzumira. Chitsime chimene dzulo ankatungapo ndi ndowa chasanduka kadzenje ka matope ofiira. Mayiyo adzachifukula, pakuti sangachitire mwina, ndipo chaka chamawa adzachifukulanso; koma chaka chilichonse khasu lake lidzayamba lapyola mchenga wochuluka lisanapeze dothi lakuda lija ankalima amayi ake, ndipo ndiwo zake zidzafuna kuthirira kawiri pa tsiku, chifukwa mchenga susunga madzi.

Choopsa choposa chimadza pambuyo pake. Udzu ukakwiririka kapena kulimidwa, madzi amene kale ankayenda motambalala amapanikizika nadzifunira njira imodzi. Amaipeza pamene ng'ombe zimaolokera, kapena pa chitsime chokumbidwa pakati pa dambo, kapena m'ngalande imene wina adatema kuti dimba lake liume msanga. Pamenepo pamabadwa kaphompho kofika m'bondo, ndipo mvula iliyonse imagumula mutu wake, kotero kuti chigwembe chimakula chobwerera kumtunda, chikudya dambo kuchokera kumunsi. Akulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo adanena zoona: akangozolowera njira imeneyo sabwereranso m'udzu. Chigwembe chikazama mamita awiri, chinyontho cha m'mbali mwake chimatsikira momwemo, zitsime zimaphwa mu Ogasiti m'malo mwa Novembala, mlulu umafa, ndipo malo aja ankatitimira phazi amasanduka bwalo louma.

Tsokali silithera ku Mchinji. Nsomba ya mpasa, imene imakhala m'nyanja ya Malawi, imakwera mitsinje kukaswana, ndipo Bua ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene yatsala yoilandira. Mpasa umaikira mazira pa timiyala toyera m'madzi oyenda, ndipo matope akakuta timiyalato mazira amafa osaswa. Msodzi wa ku Nkhotakota, amene sadapondepo kwa Simphasi kapena kwa Mduwa, amadya kapena kugona ndi njala monga mwa mizere ya anthu a kumeneko.

Phunziro la malimidwe

Wina angafunse kuti, ngati zinthu zili chomwechi, bwanji boma silingoletsa kulima m'madambo? Njira imeneyo idayesedwa, ndipo chipatso chake tichidziwa. Ku Southern Rhodesia, kumene makolo athu ambiri adapita kukagwira ntchito, lamulo la madzi la 1927 ndi malamulo otsatira adaletsa kulima m'madambo, ndipo la 1952 lidaletsa khasu kufika mamita 30 kuchokera pa gombe la mtsinje. Anthu sadaleke, koma ankalima mobisa, opanda mlangizi wowathandiza. Kuno ku Nyasaland, lamulo losamala zachilengedwe la 1946 lidapatsa mphamvu akuluakulu a zaulimi kukakamiza anthu, ndipo itapita njala ya 1949, m'masiku a bwanamkubwa Geoffrey Colby, chikakamizocho chidakula. Anthu adalamulidwa kusiya matutu ndi kuunga mizere yopingasa, kukumba migula, ndi kuchoka m'mphepete mwa mitsinje. Wokana ankalipitsidwa, kuzulidwa mbewu kapena kuponyedwa m'ndende. Malamulo amenewa, amene anthu ankangowatcha malimidwe, adadedwa kwambiri kotero kuti adathandiza kudzaza misonkhano ya Nyasaland African Congress, ndipo dziko litayandikira kudzilamulira chikakamizocho chidathetsedwa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zambiri zimene alangizi a nthawi imeneyo ankanena za kukokoloka kwa nthaka zidali zoona, ndipo mizere imene agogo athu adamangidwira lero ili m'munda uliwonse popanda msilikali woilondera. Chidalakwika ndi njira. Munthu sakonda chinthu chimene adachilandira ndi chikoti, ndipo mgula wokumbidwa ndi mantha sukonzedwa ukagumuka. Dambo lidzatetezedwa ndi anthu amene amadya za m'menemo, atamvetsa okha chifukwa chake, kapena silidzatetezedwa konse.

Ntchito iyambire kumtunda

Popeza mchenga umachokera kumtunda, ntchito nayo iyambire komweko, ndipo chida chake choyamba n'chosagula. Mlimi amatenga mitengo iwiri yowongoka yofanana kutalika, naimanga pamodzi kumutu, namangaponso wachitatu chopingasa pakati, kuti zioneke ngati chilembo cha A. Kumutu amamangirira chingwe chokhala ndi mwala kunsi. Asanayambe ntchito amachiimika pansi nalemba pamene chingwe chakhudza mtengo wopingasa, kenaka amatembenuza miyendo, uwu kupita pamene padali uwo, nalembanso. Pakati pa zizindikiro ziwirizo ndi pamene chingwe chiyenera kugwera miyendo yonse ikakhala pa msinkhu umodzi. Tsono amayenda nacho chopingasa munda, mwendo umodzi uli chiimire, winawo akuusuntha kukwera kapena kutsika mpaka chingwe chigwere pakati, nakhoma chikhomo, natembenuzanso, kufikira atafika kumalire. Ena amagwiritsa ntchito chingwe chachitali ndi kalevulo kopachika pakati, monga amaphunzitsira alangizi. Pa zikhomozo pamaungidwa mzere waukulu wa kalozera, ndipo mizere ina yonse imatsata umenewo. M'makwalala amaikamo ngonyeka, motalikirana mapazi ochepa ndiponso mosemphanitsa, kuti mvula iime pamene yagwera ndi kumwerera pansi.

Pa kalozera pamabzalidwa udzu wa vetiva, umene kwawo ndi ku India ndipo udafalitsidwa kwambiri m'Malawi m'zaka za m'ma 1990. Ubwino wake ndi wakuti mizu yake imalunjika pansi mamita awiri kapena kuposa, osalanda chakudya cha chimanga cha pambali, ndipo mtundu umene timabzala kuno subereka njere zomera, kotero sulowerera m'munda. Ziphukira zake zibzalidwe mothithikana, kutalikirana masentimita 10 mpaka 15, nthaka itanyowa bwino mu Disembala kapena Januwale, ndipo pamene pafa pabwerezedwe msanga, chifukwa mpata umodzi umasonkhanitsa madzi onse nusanduka chiyambi cha chigwembe. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu mzerewo umatsekana, ndipo amene akaike akayeze ndi ndodo: adzapeza nthaka ya kumtunda kwa udzu yakwera kuposa ya kumunsi, ndilo dothi lomwe likadakhala m'dimba la mlongo wake.

Mapesi asatenthedwe, koma agonekedwe m'munda kuti dontho la mvula ligwere pa iwo. Manyowa achuluke, pakuti nthaka ya manyowa imamwa madzi msanga. Misangu ndi mitengo ina ya chonde isiyidwe m'minda, ndipo zitsa zophukira zitengulidwe m'malo mozulidwa. Njira za anthu ndi za ng'ombe zotsikira kudambo ziikidwe timigula topatutsira madzi m'udzu.

Chachiwiri ndi lamba wa udzu pakati pa mzere womaliza wa munda ndi mpanda woyamba wa dimba. Malo amenewa asalimidwe ndipo asatenthedwe. Pamene udzu wachilengedwe udatha pabzalidwe vetiva kapena nsenjere, zimene zidzapatsanso mwini wake chakudya cha ng'ombe. Madzi akalowa m'udzu wothithikana liwiro lawo limatha, ndipo mchenga umagwa usanafike pa kasupe. Pamene kumtunda kuli kotsetsereka kwambiri, lambayo akhale wotambalala koposa. Mitengo ya bulugamu, imene imamwa madzi chaka chonse, ikabzalidwe kutali. Pafupi ndi akasupe payenera katope, mkuyu ndi mwimbi, imene makolo sankalola nkhwangwa kuikhudza.

Chachitatu ndi pakati pa dambo, pamene payenera kusiyidwa ndi bango lake ndi mlulu wake. Zitsime zikumbidwe cham'mbali, osati pa njira ya madzi. Madimba asalumikizane kuchokera tsidya lino mpaka tsidya lija, koma pakhale timizere ta udzu pakati pawo. Ng'ombe zikhale ndi pomwera ndi poolokera podziwika. Ndipo pamene chigwembe chayamba kale, chigwidwe chikadali chaching'ono, pakuti mmera mpoyamba: mutu wake usalazidwe ndi kuyalidwa miyala, m'kati mwake mukhomedwe mizere iwiriiwiri ya zikhomo yolukidwa ndi nthambi, yaifupi koma yambiri, yotsika pakati kuti madzi adumphe osakumba m'mbali, ndipo dothi likadzaza kuseri kwake pabzalidwe vetiva, nsenjere, nsungwi kapena nthochi. Koma kutchinga chigwembe kumtunda kusanakonzedwe ndi kutaya thukuta pachabe, chifukwa chigumula choyamba chidzanyamula zonse.

Pabwalo la mfumu

Zonsezi n'zosavuta kuzimva, ndipo alangizi a pansi pa chigawo cha zaulimi cha Kasungu, m'mene muli Mchinji, akhala akuziphunzitsa zaka zambiri. Chovuta chili pa ichi, chakuti wotaya dothi ndi wina, wolandira mchenga ndi wina. Mwini munda wa kumtunda angathe kunena kuti alibe dimba, nanga avutikirenji. Mwini dimba angathe kubzala vetiva mpaka manja kutupa, koma ngati minda khumi ya pamwamba pake ili ndi mizere yolunjika kumunsi, ntchito yake idzakwiririka usiku umodzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo dambo limodzi limazunguliridwa ndi midzi ingapo.

Malamulo a dziko alipo: la za madzi la 2013 ndi la za chilengedwe la 2017 amapatsa boma mphamvu yoteteza magwero a madzi, magombe a mitsinje ndi madambo. Malawi adalowanso m'pangano la maiko losamala madambo limene lidasainidwa ku Ramsar, m'dziko la Iran, m'chaka cha 1971, ndipo nyanja ya Chilwa ndi dambo lalikulu la Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire zidalembedwa m'kaundula wake. Koma timadambo ta kwa Kapondo, kwa Nyoka ndi kwa Mlonyeni n'tambirimbiri ndiponso tating'ono, ndipo palibe nduna ya boma imene ingatilondere tonse. Alonda ake ndi mafumu, nyakwawa ndi eni mbumba, amene amagawa malo ndi kuweruza milandu ya malire.

Kuti zimenezi n'zotheka tidaziona kwa anansi athu a kwa Simlemba, m'boma la Kasungu, kumene chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000 midzi ina, mothandizidwa ndi mabungwe a Wetland Action ndi MALEZA, idasankha makomiti osamala zachilengedwe nipangana malamulo akeake: kusiya udzu m'mbali mwa njira ya madzi pakati pa dambo, kusabzala bulugamu pafupi, kusamala mitengo ndi minda ya kumtunda. Malamulowo sadachokere ku likulu. Adakambidwa pabwalo, mafumu navomereza, ndipo wolakwa ankaweruzidwa ndi anthu omudziwa. Pamene komiti idalimba ndi mfumu idaima nayo, zidayenda. Pamene zidafooka, khasu lidabwerera pakati pa dambo, pakuti pangano la mudzi limafuna kukumbutsidwa chaka ndi chaka.

Tsono inu a Gogo Chalo, inu Makosi, ndi inu nonse osunga mbumba, musadikire kuti mtsinje wa Tinkanena ukathere mu Siizi. Nthawi yabwino ndi mwezi wa Juni kapena Julaye, zokolola zitalowa m'nkhokwe, moto usanayambe kuyenda m'tchire. Itanani midzi yonse yomwera dambo limodzi, amuna ndi akazi, a minda ya kumtunda ndi a madimba, oweta ng'ombe ndi oumba njerwa, ndipo mlandu usakambidwe anthu atakhala pansi pa mtengo, koma onse anyamuke, ayambire pamsana pa mtunda, atsate mapazi a madzi munda ndi munda mpaka kukafika pamene mchenga udagona, kuti aliyense aone ndi maso ake pamene dothi lake lidadzera. Pamenepo mugwirizane za kutambalala kwa lamba wa udzu, za poolokera ng'ombe, za tsiku lokhoma zikhomo, ndi za dipo la wophwanya pangano. Ndipo popeza anthu athu adakana kale malimidwe a chikoti, koma sadakanepo kutsata mkulu amene watsogola ndi khasu lake, chikhomo choyamba chikhomedwe m'munda wa mfumu.